Mabeseni a Kuseri kwa Golo

Basi itangotulukira pamwamba pa chitunda, foni ya Namaudzu inayamba kulira mosalekeza. Sabata yonse anali kumapiri kopanda netiweki, akuzula kapinga wam'tchire pamodzi ndi anzake a kumalo ofufuzira mbewu, ndiye mauthenga onse amene anaunjikana ankalowa mopanikizana ngati nkhuku pakhomo la khola. Ambiri anali a Chikwakwa, chibwenzi chake, ndipo anamwetulira yekha. Koma diso limayamba ndi chimene chili pamwamba, ndipo pamwamba panali chithunzi chochokera kwa a Kapeti, mwana wa mnzawo wa bambo ake.

Chinajambulidwa kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Chikwakwa anali atagwira makina ake otchetchera, malaya atanyowa ndi thukuta. Pamene Namaudzu anasiya udzu wofika m'mawondo panali pometedwa mpala. M'munsi mwake a Kapeti analemba ndi ulemu wawo wa masiku onse uja: "Pepani kwambiri. Ndaona kuti ndi bwino mudziwiretu musanafike. Munthu wozolowera kutchetcha sangaone udzu n'kuusiya."

Namaudzu anachikulitsa chithunzicho ndi zala kuti aone ngati panatsala kanthu pakona. Panalibe.

Anthu ambiri amati kapinga ndi kapinga basi, bola akhale wobiriwira. Namaudzu akamva zimenezo ankafuna kumukhazika pansi munthuyo mpaka dzuwa kulowa, ndipo n'chifukwa chake mlongo wake anamupatsa dzina limeneli akadali pasukulu. Ntchito yake inali yokwatitsa mitundu ya kapinga. Ankadziwa kuti udzu wooneka wofanana umasiyana chibadwa. Wina ndi wam'mbali mwa msewu, wokhakhala, wosaoneka bwino, koma mizu yake ndi yozama moti chilala chimangoudutsa. Wina ndi wosalala, wokongola, koma chiwawu chikangofika ndiwo woyamba kufa. Wina umapirira kupondedwa, wina umakonda pamthunzi. Iye ankafuna mbewu yotenga nkhope ya uwu ndi kulimba kwa uwo.

Pampu ya madzi itawonongeka kuntchito, anasamutsira kunyumba udzu wake wofunika kwambiri. Anaudzala uwiriuwiri m'mabeseni akale, n'kuwakwirira m'nthaka mpaka m'milomo kuti asamaume msanga. Anausiya kuti utalike ndi kutulutsa ngala, kenako anamanga ngala za m'beseni lililonse m'kathumba ka pepala kuti mungu wa kwina usalowerere. Ponyamuka ulendo wa kumapiri, njere zinali zisanakhwime. Kutchetcha pamenepo kunali kupha ntchito ya chaka chathunthu.

Chikwakwa ankazidziwa bwino zonsezi, pakuti ndi iye amene anamuthandiza kukonza timatumba tija kuntchito asanatitengere kunyumba, akuseka kuti udzu nawonso umafuna chipinda chotseka. Chimenechi ndicho chinamupweteka Namaudzu koposa.

Foni inalira. Anali iyeyo. Namaudzu anaidula. Inaliranso, anaidulanso, n'kulemba kuti, "Usandiimbirenso." Mauthenga a mawu amene anali pamzere sanawatsegule. Anatembenukira kuzenera n'kumalira mwakachetechete, kuopa mayi amene anakhala naye mpando umodzi, amene ankaoneka kuti amakonda mafunso.

* * *

Bambo ake anapuma ntchito ku njanji, koma njanji sinawachoke m'mutu. Chilichonse pakhomo pawo chinkayenera kukhala chowongoka: mpanda, mizere ya maluwa, nsapato pakhonde, ngakhale maganizo a ana. Kapinga wa kumaso kwa nyumba anawayalira ndi mwana wa mnzawo, amene kampani yake inkagulitsa kapinga wokulungidwa ngati kapeti, ndipo dzina la Kapeti lija linachokera pomwepo. Ameneyu ndiye ankamufuna kuti akhale mkamwini wawo. Za mnyamata wosamalira bwalo la mpira la m'tauni sankafuna n'kumva komwe. "Sukulu yonseyi kuti ukakwatiwe ndi chikwakwa?" anatero tsiku loyamba, ndipo dzinalo linakanirira mpaka mwiniwake anayamba kuliyankha mosangalala. Chiyambire chibwenzi chawo, anali asanaloledwepo kudutsa pageti.

Tsiku limeneli Namaudzu anawapeza pakhonde akuimba kanyimbo kam'mphuno, chinthu chimene ankachita kamodzi pakanthawi. Anamulonjera mwansangala n'kumuuza kuti akaone kuseri asanavule nsapato.

Anapita. Panali pathyathyathya, pooneka bwino mochititsa nsanje, mizere ya makina itawongoka kuchokera kukhoma mpaka kumpanda. Anagwada n'kupapasa ndi dzanja pamene panali mabeseni. Nawonso kunalibe. Maenje anali atakwiriridwa, pamwamba patayalidwa kapinga wamba. Ndiye kuti si njere zokha zimene zinapita, komanso makolo ake a njerezo, ndipo ina mwa mitunduyo anaizula m'malo amene tsopano anthu anamangamo nyumba.

Bambo anamulondola, manja kumbuyo. Anafotokoza kuti anaona njoka ikulowa m'tchiremo, ndipo aneba ankadandaula za udzudzu. Pofuna wotchetcha, anaganiza kuti ntchitoyo iwathandizenso kumuyesa mnyamata uja.

"Ndinamuitanitsa ndekha," anatero. "Ndinamuuza kuti ndikupita kuchipatala, pobwera ndipeze poyera. Anandifunsa kuti, 'Ndi mabeseni omwe, bambo?' Ndinati ndi mabeseni omwe, akataye kudzala. Anangoti chabwino. Sanatsutse, sanang'ung'udze. Taona mizere yakeyo. Mnyamata uja ali ndi khalidwe, ine ndinkamuganizira molakwika."

Mawu amenewa Namaudzu anakhala akuwadikira nthawi yaitali, mpaka kuwapempherera, ndipo anabwera tsiku limene analibe nawo ntchito. Anafuna kukalipa, koma bambo wako sumukalipira, ndiye mkwiyo wonse unalunjika kwa Chikwakwa, amene anatsegula geti la apongozi ndi thukuta la mnzake. Bambo ataona nkhope yake anamusisita paphewa n'kunena kuti asadandaule, udzu umameranso.

* * *

Pozungulira kumaso kwa nyumba anapeza a Kapeti ataima pageti, akuseweretsa makiyi a galimoto. Anati amangodutsa. Munthu ameneyu ankangodutsa pamsewu umenewu kawirikawiri, ngakhale unali msewu wosatulukira kwina kulikonse.

Anamupepesa ndi nkhope ya pamaliro. Anati kukampani kwawo kuli malo, madzi osadukiza ndi antchito omvera, ndipo ngati akufuna kuyambiranso, khomo ndi lotsegula. Anawonjezera kuti iwo udzu wa munthu sangaukhudze.

Namaudzu anayang'ana kapinga amene anaimapo. Anali atayamba mawanga ofiirira, ozungulira, ena atalumikizana kale. Anawafunsa kuti m'makomo ena mmene anayalamo kapingayu zikutero nazonso kapena ayi. A Kapeti anatsokomola n'kunamizira nyengo. Iye ankadziwa kuti si nyengo. Kapinga yense wa kampaniyo anachokera ku phata limodzi, kumangoligawa n'kuligawanso, moti makomo onsewo anali ndi mbewu imodzimodziyo, ndipo matenda ogonjetsa khomo limodzi ankagonjetsa onse. Tsiku lina akanawakumbutsa za chikomekome cha mkuyu, koma lero analibe mphamvu. Anangowathokoza chifukwa cha chithunzi chija, ndipo zinamuwawa kuona kuti akuthokoza ndi mtima wonse.

* * *

Mayi ake anali kukhitchini akutsuka mbale zotsukatsuka, akusuzumira pazenera kuona kumene kunali amuna awo. Atati ayambe kulankhula, bambo analowa kudzafuna magalasi. Atati ayambenso, bambo anabwerera kudzafunsa amene wasuntha nyuzipepala. Nyumba ya munthu wopuma ntchito ilibe pobisalira.

Pomaliza mayi anamufunsa motsitsa mawu ngati wamvera mauthenga a mnyamata uja. Namaudzu anayankha kuti alibe nawo ntchito, ndipo mnyamatayo asamutchulenso.

"Makutuwo Mulungu anakupatsa kuti uzikolekapo ndolo?" anatero mayi. Anatenga chipewa chofwifwa pamwamba pa kabati n'kumuika m'manja. "Anaiwala ichi. Kamupatse lero lomwe. Ngati ukumukana, ukamukane akukuona. Ine sindinalere mwana wamantha."

Namaudzu anachitenga. Zoti mayi ake akumutsinzinira diso sanazione n'komwe, chifukwa m'mutu anali atayamba kale kusanja mawu oti akamulase nawo munthu.

* * *

Anafika kubwalo dzuwa litapendeka. Munalibe munthu koma Chikwakwa yekha, akukankha kangolo kolembera mizere ya laimu. Pamalo pomwepa ndi pamene anakumanirana. Mnyamatayo anamupeza atagwada pagolo akuzula kapinga ndi mpeni wa kukhitchini, anamuthamangitsa ngati wakuba, kenako anamuperekeza mpaka pokwerera basi akumufunsa chifukwa chimene udzu wa pagolo sufa ngakhale anthu aupondeponde.

Namaudzu anamuponyera chipewa pachifuwa n'kuyamba. Anamukumbutsa za mapiri amene anakwera, minga zimene zinamubaya, Lamlungu lonse limene anakhala awiriwo akukonza timatumba. Anamuuza kuti wagulitsa ntchito yake kuti bambo amumwetulire, ndipo ngati ukwati wake ndi wotere, wongoti chabwino pa chilichonse, akaufune kwina. Ananenanso zina zimene sizilembedwa. Chikwakwa anatola chipewa, anachikuntha pabondo, anachivala, n'kumamvetsera ngati munthu amene wausa mvula pakhonde la eni.

"Wamaliza?" anafunsa Namaudzu atapuma.

"Sindinayambe n'komwe."

"Zotsalazo ukanenere uko. Tiye."

Anayamba kuyenda osacheuka. Namaudzu anamutsatira chifukwa anali asanamalizedi. Anadutsa pakati pa bwalo, anazungulira golo, n'kulowa kampata ka pakati pa mipando ya oonerera ndi mpanda wa njerwa, kumene kunali thanki ya madzi. Kumeneko kunali kutakungidwa ukonde wakale wa pagolo pa mitengo, kuteteza mpira wosokera. Pansi pa ukondewo panali mabeseni ake, atandandalikidwa pamzere, udzu uli chiimire, timatumba ta pepala tikugwedezeka ndi kamphepo.

Anakhala pansi pomwepo. Mtima umene unali m'mwamba chichokere m'basi unatsika pang'onopang'ono mpaka unakhala m'malo mwake. Analira, kenako anaseka, kenako anachita zonse pamodzi. Atapezako mphamvu anakwawa beseni ndi beseni, akukhudza ngala, akuwerenga tizikwangwani take. Wam'mbali mwa msewu uja unalipo, wonyansa ngati kale. Wa pamthunzi unalipo, ndipo unaikidwa kumene khoma linkatchinga dzuwa. Dothi linali lonyowa bwino. Panalibe beseni limene linasowa.

Anaona chinthu chimodzi chachilendo. Timphukira tonse timene tinkalendewera kunja kwa mabeseni tinali titadulidwa mofanana bwinobwino, kuzungulira mlomo wa beseni lililonse. Anamuyang'ana. Chikwakwa anakanda m'mutu n'kuvomera kuti anagwiritsa sizasi. Anati ngala sanazikhudze, koma kuona zinthu zikulendewera choncho manja anamuyabwa usana wonse, ndipo munthu ali ndi malire a kupirira.

Anakhala pambali pake n'kufotokoza mmene zinayendera. Bambo atangokhota pakona kupita kuchipatala, mayi anaima pageti kuyang'anira msewu. Iye anathamangira kubwalo kukatenga thalakitala yaing'ono ndi ngolo yake, anafukula mabeseni limodzilimodzi, n'kumayendetsa pang'onopang'ono moti ana a sukulu ankamupitirira wapansi akumuseka. Atamaliza kusamutsa anakwirira maenje, anayalapo kapinga wa m'mphepete mwa bwalo, ndipo pamenepo ndi pamene analiza makina. A Kapeti anafika nthawi imeneyo, anajambula kuchokera pampanda, n'kuchoka osapereka moni.

Namaudzu anamufunsa chifukwa chake sanangowakanira bambo.

"Ndikanakana, akanaitana munthu wina wa chikwakwa chenicheni, ndipo ameneyo sakanafunsa za mabeseni," anayankha. "Geti nalonso likananditsekekera mpaka kalekale. Ndikanatchetcha, ndikanataya iwe. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinati ndingothamanga, mwina mvula indiphonya."

Kenako anamulozera beseni la kumapeto, nkhope itagwa pang'ono. Kathumba kake kanang'ambika panjira, ndipo anazindikira atafika. Anakasinthanitsa ndi pepala la shuga limene anapempha kwa mayi wogulitsa tiyi pageti la bwalo, koma ngalazo zinayenda msewu wonse zili pamtunda, ndipo bwalo lenilenilo linali ndi udzu wake wotulutsa mungu. Anafunsa ngati waononga.

Namaudzu analiyang'anitsitsa. Anatulutsa cholembera m'thumba n'kulemba pa kachikwangwani kuti bambo wa njerezi sakudziwika. Anamuuza kuti kuntchito kwawo ana otere sawataya. Amawadzala padera n'kumaonerera, chifukwa nthawi zina mwana wobwera ndi mphepo ndi amene amatulukira ndi chinthu chimene onse ankachisowa. Chikwakwa anapuma mpweya waukulu ngati ndi iye amene wakhululukidwa mlandu wonse.

"Nanga mauthenga anga aja?" anafunsa.

Namaudzu anatulutsa foni mwamanyazi n'kutsegula woyamba. Munamveka mawu a Chikwakwa ali wefuwefu, akunena kuti asadzidzimuke akafika, udzu uli bwino, wangopita kukacheza kubwalo. Kumbuyo kunkamveka thalakitala, ndi mawu a mayi akuti afulumire, za foni azichita pambuyo. Wachiwiri unali wofunsa ngati wa pamthunzi uja umafuna madzi ambiri. Wachitatu unali wongonena kuti wamusowa. Wotsiriza anautumiza atalandira kuti asaimbenso, ndipo munalibe mawu ambiri, ankangopempha kuti amvere woyamba uja.

"Pepa," anatero Namaudzu. "Ndinakhulupirira chithunzi kuposa iwe."

"Chithunzicho sichinaname, ndinatchetchadi. Kungoti a Kapeti anafika mochedwa, anapeza nkhani ili kumapeto."

Anamugwira dzanja, lokhakhala ndi laimu, ndipo anakhala choncho kwa kanthawi. Namaudzu anamuuza za mawanga a kapinga wa kumaso kwa nyumba, ndi chifukwa chake makomo onse a kampani ija adzadwala pamodzi. Anati n'chifukwa chake iye amakwera mapiri kukafuna udzu wonyansa, pakuti mankhwala a mawa ali m'chibadwa cha udzu umene lero anthu akuuponda osauyang'ana. Chikwakwa anamvetsera ngati mwana wa sukulu, kenako anafunsa ngati zikutanthauza kuti ana awo adzatenga nkhope ya mayi ndi kulimba kwa bambo.

"Zimenezo sizisankhika," anatero Namaudzu. "Akhoza kutenga nkhope yako ndi mkwiyo wanga."

"Ndiye tidzawadzala padera n'kumaonerera."

Anaseka mpaka mlonda wa pageti anasuzumira kudzaona ngati kuli mtendere. Atachoka, Namaudzu anamuuza zimene bambo ananena, zoti ali ndi khalidwe ndipo ankamuganizira molakwika. Ankayembekeza kuti alumpha ndi chimwemwe, koma Chikwakwa anangoyang'ana pansi. Anati zimenezo ndi zimene zikumusowetsa mtendere, chifukwa bambo akumutamanda pa chinthu chimene sanachite. Bambo atamufunsa ngati wataya mabeseni kudzala, iye anayankha kuti wawachotsa onse, ndipo ngakhale mawuwo anali oona, ankadziwa mmene mkuluyo anawamvera.

Namaudzu anamulimbitsa mtima. Anati njere zikhwima masabata ochepa akubwerawa. Akakolola, adzakhala pansi onse ndi mayi, n'kuwauza bambo mwaulemu tsiku limene adzuka bwino. Pofika nthawiyo adzakhala atamuzolowera, ndipo mwina adzaseka. Chikwakwa anavomera, ngakhale sanaoneke wotsimikiza za kusekako. Anamuperekeza mpaka pokwerera basi ngati tsiku loyamba lija, ndipo Namaudzu anafika kunyumba akumva thupi lopepuka, njala itabwerera, moti anadya zotsala zonse za masana ataimirira.

* * *

M'mawa mwake anamwa tiyi pakhonde onse atatu. Namaudzu anayesetsa kuvala nkhope ya munthu wotayikidwa, koma inkangovuka. Mayi ankamuponda phazi pansi pa tebulo akaona kuti wayamba kumwetulira.

Bambo anaika kapu pansi n'kukonza kukhosi. Anati aganiza usiku wonse, ndipo aona kuti mwina anapupuluma pa nkhani ya udzu, koma chimene chachitika chachitika. Kuchokera kwa iwo, kumeneku kunali kupepesa kwakukulu. Kenako anati mnyamata uja abwere Lamlungu adzadye nawo, alowere pageti la kumaso, ndipo dzina lija la Chikwakwa lithe pakhomo pano.

Namaudzu anadzuka n'kuwakumbatira, chinthu chimene anasiya ali kamtsikana. Bambo anachita ngati akukana, koma maso awo ananyowa. Mayi anapukuta awo ndi nsonga ya nsalu n'kunamizira nthunzi ya tiyi.

"Ine sindifuna zambiri kwa mkamwini," anatero bambo. "Galimoto imatha, nyumba imagwa. Ndimafuna munthu woti akati wachita, wachitadi. Wondiyenda pansi ndimathana naye tsiku lomwelo, ngakhale akhale mwana wanga wobereka ndekha."

Mayi anayamba kusonkhanitsa makapu mofulumira. Namaudzu anadziuza kuti masabata ochepa si kanthu, ndipo anatsala pang'ono kudzikhulupirira. Koma mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Pageti panalira hutala.

A Kapeti analowa atavala nsapato za kumunda zatsopano, akuwala nkhope. Anati abwera ndi nkhani yabwino. Khonsolo yapatsa kampani yawo ntchito yoyala kapinga watsopano pa bwalo lonse la mpira. Mawa m'mawa anyamata awo athira mankhwala opha udzu kuyambira mpanda uwu mpaka mpanda uwo, kuti pasatsale ngakhale kamuzu kamodzi kosokoneza mbewu yawo. Lero akupita kukayendera malowo, ngodya ndi ngodya, ndipo aganiza zotenga bambo kuti akawathandize ndi diso lawo la mizere.

Bambo anakondwa kwambiri. Anati zagwirizana bwino, chifukwa amafuna kukaona kumene mnyamata uja amagwira ntchito, ndipo munthu umamudziwa bwino ukamupeza asanakonzeke. Anauza Namaudzu kuti avale nsapato apite nawo.

Namaudzu anatambasula dzanja kuti atenge foni patebulo, koma bambo anali ataiona kale. Anaitenga n'kuiika m'thumba la jekete lawo, akuseka.

"Ndikukudziwa iwe, ukufuna kumuchenjeza. Ndikupatsa tikafika."

Anacheukira kwa mayi ake. Mayi anaima pakhomo ndi makapu m'manja, ndipo foni yawo inali kwa wokonza mafoni chiyambire sabata. Panalibe chonena chimene sichikanaulula zonse. Namaudzu anavala nsapato n'kukakhala kumpando wa kumbuyo. Bambo anakhala kutsogolo, akufotokoza kale mmene ankayezera njanji m'masiku awo.

A Kapeti analiza galimoto. Asananyamuke anakonza kagalasi koonera kumbuyo mpaka maso awo anakumana ndi a Namaudzu.

"Tiyambira kuseri kwa golo, bambo," anatero mofatsa. "Mlonda wa pabwalo akuti kumeneko kwamera zinthu zachilendo."